Katswiri akakana umboni: nkhani ya Fred Hoyle ndi Big Bang

Kuno ku Kaliyeka magetsi akazima usiku wa mwezi wa Juni, ambirife timangodandaula kuti foni yatha moto ndipo zowerenga zagwa m'madzi. Tsiku lina zikadzatero, musafulumire kukagona. Tulukani panja, mupeze pomwe palibe kuwala kwa mbaula kapena tochi, muyang'ane kumwamba. Mudzaona chimzere choyera ngati utsi chitadutsa pakati pa thambo. Umenewo ndi mlalang'amba wathu. Mukayang'ana chakum'mwera mudzaona nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali zina ziwiri zowala kwambiri. Yowala koposa pa ziwirizo ndi Alpha Centauri. Kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Ngati muli Fomu 4, ndiye kuti kuwala kumene kukulowa m'maso mwanu usiku umenewo kunanyamuka inu musanalowe n'komwe Fomu 1.

Kodi zonsezi zinali ndi chiyambi, kapena zakhala zilipo mpaka kalekale? Lero akatswiri a zakuthambo pafupifupi onse amavomereza kuti chilengedwe chonse chinayamba chili chotentha kwambiri komanso chothinana, zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo, ndipo chakhala chikufutukuka kuyambira pamenepo. Maganizo amenewa ndi omwe amatchedwa Big Bang. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anayambitsa dzina limeneli sankakhulupirira za Big Bang ngakhale pang'ono, ndipo anamwalira akukanabe. Dzina lake anali Fred Hoyle.

Nkhani yake ndi yofunika kwa inu pa chifukwa ichi. Masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda timavidiyo tambiri toyamba ndi mawu akuti "pulofesa wina wamkulu waulula kuti asayansi akhala akutinamiza". Nthawi zina pulofesayo amakhala weniweni, madigiri ake enieninso. Nanga zikatero timukhulupirire? Moyo wa a Hoyle ukutiphunzitsa momwe tingayankhire.

Munthu amene anatiuza komwe kaboni anachokera

Fred Hoyle anabadwa mu 1915 ku Yorkshire, m'dziko la England, ndipo anaphunzira masamu pa yunivesite ya Cambridge. Tisanafike pa zolakwa zake, tiyambe tamupatsa ulemu wake, chifukwa mkuluyu mutu wake unkagwira ntchito zedi.

Mu Kemisitiri munaphunzira tebulo la maelementi: haidirojeni, hiliyamu, kaboni, okosijeni, ayironi ndi ena. Munadzifunsapo kuti maatomu amenewa anapangidwira kuti? A Hoyle ananena kuti amaphikidwa m'kati mwa nyenyezi, momwe kutentha kumafika madigiri mamiliyoni ambiri. Koma panali vuto pa kaboni. Kuti kaboni apangike, pamafunika timitima titatu ta maatomu a hiliyamu tilumikizane. Tiwiri tikalumikizana timapanga beriliyamu amene amasweka nthawi yomweyo, kachitatu kasanafike. Masamu ankaonetsa kuti kaboni akanayenera kukhala wosowa kwambiri. Chonsecho kaboni ali paliponse: m'makala, mu nsima, m'thupi mwanu.

A Hoyle anaganiza motere: popeza kaboni alipo wambiri, ndiye kuti kamtima ka atomu ya kaboni kali ndi mlingo wina wa mphamvu umene umathandiza kuti kulumikizanako kuzichitika msanga. Anawerengera n'kupeza kuti mlingowo uyenera kukhala pafupi ndi 7.7 MeV. Mu 1953 anapita ku labotale ya William Fowler ku Caltech, ku America, n'kuwapempha kuti aufufuze. Anthu a kumeneko poyamba ankakayikira, koma atayeza anaupezadi pomwe iye ananena. Mu 1957, a Hoyle pamodzi ndi Fowler, Margaret Burbidge ndi Geoffrey Burbidge analemba nkhani yaitali yofotokoza momwe nyenyezi zimapangira maelementi ambiri. Mpaka lero ntchito imeneyi ndi maziko a sayansi ya nyenyezi. Ayironi amene ali m'magazi mwanu anapangidwa ndi nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanakhaleko.

Gwirani bwino zomwe zachitika apa. Ananeneratu chinthu chimene chikanatha kumuchititsa manyazi chikanapanda kupezeka. Ena anakayeza. Chinapezeka. Sayansi imayenda choncho.

Thambo likufutukuka

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium amenenso anali katswiri wa fizikisi, anagwiritsa ntchito masamu a Albert Einstein n'kuonetsa kuti chilengedwe chonse chiyenera kuti chikufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble wa ku America anatulutsa zotsatira za miyeso yake: milalang'amba yakutali ikutalikirana nafe, ndipo umene uli kutali kwambiri ndi umenenso ukutalikira mwaliwiro kwambiri.

Anadziwa bwanji? Ganizirani ambulansi yomwe ikuthamangira ku chipatala cha Kamuzu Central. Ikamabwera, sailini yake imamveka yakuthwa. Ikangokudutsani, kamvekedwe kamatsika. Chimachitika n'chakuti mafunde a phokoso amathinana galimoto ikamakuyandikirani, ndipo amatanuka ikamachoka. Kuwala nakonso ndi mafunde. Kukatanuka kumapendekera ku mtundu wofiira. Kuwala kwa milalang'amba yakutali kumafika kuno kutatanuka chonchi.

Musaganize kuti ife tili pakati ndipo zonse zikutithawa ifeyo. Tengani ufa wa mandasi wokandakanda, wothira yisiti, muikemo njere za mtedza. Ufawo ukamafufuma, njere iliyonse imaona zinzake zonse zikuitalikira, ndipo njere yakutali imatalikira msanga kuposa yapafupi chifukwa pakati pawo pali ufa wambiri wofufuma. Milalang'amba ndiye njerezo, danga la pakati pake ndiye ufawo. Ndiye ngati zonse zikutalikirana lero, dzulo zinali pafupi, ndipo kale kwambiri zinali zothinana. Lemaître anafika pa mfundo imeneyi.

Maganizo a Hoyle

A Hoyle sankakana zoti thambo likufutukuka. Chimene chinkawanyansa ndi chiyambicho. Kwa iwo, kunena kuti zonse zinayamba pa nthawi imodzi kunali ngati kuthawa funso. Choncho mu 1948, iwo pamodzi ndi anzawo Hermann Bondi ndi Thomas Gold anabweretsa maganizo ena otchedwa Steady State. Ankati chilengedwe chilibe chiyambi kapena mathero, ndipo chimaoneka chimodzimodzi nthawi zonse. Milalang'amba ikamatalikirana, maatomu atsopano a haidirojeni amapangika pang'onopang'ono m'mipata yotsalayo, kenako n'kupanga milalang'amba yatsopano. Zili ngati kwathu kuno: pakangooneka kampata pakati pa nyumba ziwiri, wina amangapo ya lendi, ndiye dera limakula koma kuthinana kwake sikusintha.

Pa 28 Marichi 1949, polankhula pa wailesi ya BBC, a Hoyle anatchula maganizo a anzawo aja kuti Big Bang, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero.

Pa nthawi imeneyo Steady State sinali misala ayi. Umboni unali wochepa, ndipo mbali ya Big Bang inali ndi vuto lake lalikulu: miyeso ya Hubble inkapereka zaka za chilengedwe zochepa kuposa zaka za dziko lapansi, ngati kunena kuti mwana ndi wamkulu kuposa mayi ake. Vutoli linatha pambuyo pake akatswiri atakonza miyeso ya mitunda. Komanso Steady State inali ndi ubwino umodzi waukulu: inkanena momveka bwino zomwe tiyenera kuona, moti kuiyesa kunali kotheka.

Umboni utayamba kubwera

Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Ndi liwiro loopsa, komabe kumatenga nthawi. Kochokera ku dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu. Kochokera ku mlalang'amba wa Andromeda kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni. Ndiye kuti kuyang'ana kutali n'kuyang'ana kale, ngati kutsegula chimbale cha zithunzi za agogo. Steady State ikanakhala yoona, zithunzi zakale ndi zatsopano zikanafanana.

Sizinafanane. Martin Ryle, wa ku Cambridge komweko, anawerenga zinthu zakuthambo zotulutsa mafunde a wailesi, ndipo mu 1961 analengeza kuti kutali, kutanthauza kale, zinali zochuluka kuposa pafupi. Kuyambira 1963 kunayamba kudziwika zinthu zowala modabwitsa zotchedwa quasar, ndipo nazonso zinapezeka kuti n'zochuluka kutali. Chilengedwe chakale chinali chosiyana ndi cha lero.

Umboni waukulu unabwera mwangozi. Mu 1964, Arno Penzias ndi Robert Wilson ankagwiritsa ntchito chimlongoti cha wailesi ku Holmdel, ku New Jersey. Chinkamveka kaphokoso kosatha, kochokera mbali zonse za thambo, usana ndi usiku. Anaganiza kuti makina awonongeka. Anapeza nkhunda zitamanga chisa m'katimo, anazichotsa n'kukolopa zitosi zonse. Kaphokoso kanalipobe. Kenako anamva kuti gulu la Robert Dicke ku Princeton linkakonzekera kufunafuna chinthu chomwecho.

Chinali chiyani? Mukadzuka m'mawa n'kugwira phulusa la pa mbaula, n'kupeza likadali lofunda, mumadziwa kuti usiku panali moto ngakhale simunauone. Ngati chilengedwe chinayamba chili chotentha, kutentha kumeneko kuyenera kuti kunatsala paliponse, kutazirala chifukwa cha kufutukuka kuja. Ralph Alpher ndi Robert Herman anali ataneneratu zimenezi mu 1948, n'kuwerengera kuti kuyenera kukhala pafupifupi 5 K. Miyeso ya lero imapereka 2.7 K, komwe ndi pafupifupi -270°C. Kuwala kumeneku kunanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 380,000 zokha. Penzias ndi Wilson analengeza zomwe anapeza mu 1965, ndipo mu 1978 analandira mphotho ya Nobel.

Palinso umboni wa hiliyamu, ndipo apa nkhani ikukoma. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa zinthu wamba za m'chilengedwe ndi hiliyamu. Mu 1964 a Hoyle eni akewo, pamodzi ndi Roger Tayler, anawerengera n'kupeza kuti nyenyezi wamba pazokha sizikanatha kupanga hiliyamu wochuluka chonchi. Pankafunika ng'anjo yotentha kuposa pamenepo. Masamu awo omwe anathandiza mbali imene iwo ankalimbana nayo.

Ena anatembenuka, iye anakanirira

Apa ndi pomwe anthu anasiyanirana. Hermann Bondi, mmodzi mwa eni ake a Steady State, anavomera kuti maganizo awo agonja. Dennis Sciama, amene ankaikonda kwambiri Steady State, anaona umboni wa ma quasar n'kusintha maganizo poyera. Sciama ameneyu ndi amene anaphunzitsa Stephen Hawking komanso George Ellis wa ku yunivesite ya Cape Town. Kuvomera kulakwa sikunamuchotsere ulemu.

A Hoyle anakana. Umboni uliwonse ukabwera, ankausokera chigamba. Pa za kutentha kotsala kuja, anati ndi kuwala kwa nyenyezi komwe kwamwazidwa ndi tizitsulo tating'ono tonga singano toyandama m'mlengalenga. Setilaiti ya COBE, yomwe inatumizidwa mu 1989, inayeza kuwalako mosamala kwambiri n'kupeza kuti kukugwirizana ndendende ndi zomwe Big Bang inaneneratu. Koma mu 1993 a Hoyle, Geoffrey Burbidge ndi Jayant Narlikar anatulutsanso mtundu wina wa Steady State wokhala ndi zigamba zatsopano. Akatswiri ochepa kwambiri ndi amene anawatsatira.

Sizinathere pa nyenyezi. Pamodzi ndi Chandra Wickramasinghe, a Hoyle anayamba kuphunzitsa kuti tizilombo toyambitsa matenda timagwa kuchokera kuthambo, ndipo mu 1979 anatulutsa buku lonena kuti miliri ya chimfine imabwera motero. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. N'zoona kuti m'mlengalenga muli mamolekyu okhala ndi kaboni, ndipo mwala umene unagwa ku Murchison ku Australia mu 1969 unapezeka ndi ma amino acid. Koma kuchoka pamenepo n'kufika ponena kuti chimfine chanu chagwa kuchokera ku nyenyezi ndi kudumpha mtsinje wopanda mlatho. Madokotala amatha kutsatira momwe kachilombo ka chimfine kamayendera kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, ndiponso kuchoka ku mbalame ndi nkhumba.

Mu 1985 a Hoyle ndi anzawo ananenanso kuti mafupa akale a Archaeopteryx, kanyama ka nthenga kosungidwa ku Natural History Museum ku London, ndi achinyengo, ati munthu wina anachita kumatapo nthengazo. Akatswiri a kumeneko anaunika mwalawo n'kuonetsa timing'alu tating'onoting'ono todutsa pa nthenga, tofanana ndendende pa mbali zonse ziwiri za mwala, zomwe wachinyengo sakanatha kupanga. A Hoyle sanali katswiri wa mafupa akale kapena wa matenda. Anamwalira mu Ogasiti 2001 asanasinthe maganizo pa Big Bang. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mkuluyu anafika poona aliyense womutsina khutu ngati mdani.

Nanga si ena ankasekedwa koma anali olondola?

Funso labwino, ndipo yankho lake lili pafupi nafe. Mu 1912 Alfred Wegener wa ku Germany ananena kuti makontinenti amayenda. Akatswiri ambiri anamuseka, ndipo anamwalira mu 1930 ku Greenland asanavomerezedwe. M'zaka za m'ma 1960, miyeso ya pansi pa nyanja zikuluzikulu inaonetsa kuti pa mfundo yaikuluyo ankanena zoona. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo zivomerezi ngati za ku Karonga mu Disembala 2009 zimachokera pamenepo.

Ndiye Wegener ndi Hoyle akusiyana pati, poti onse ankatsutsana ndi gulu? Kwa Wegener, umboni watsopano unkabwera n'kumaima kumbali yake. Kwa Hoyle, umboni watsopano unkabwera n'kumamutsutsa, iye n'kumaonjezera zigamba. Kukhala wekha sikutanthauza kuti walakwa, komanso sikutanthauza kuti walondola. Woweruza ndi miyeso.

Musatengenso ngati Big Bang yayankha zonse. Akatswiri akufufuzabe za dark matter ndi dark energy, ndipo njira ziwiri zoyezera liwiro la kufutukuka zikupereka manambala osiyana pang'ono. Makina ngati MeerKAT, milongoti 64 ya wailesi yomwe ili ku Karoo ku South Africa, akuthandiza pa kafukufuku wa milalang'amba. Mafunso otsalawa akukambidwa poyera, ndi manambala, ndipo amene adzabweretse yankho labwino adzalandiridwa ngakhale litagwetsa zina zomwe timaphunzira lero.

Pamene zimafika pa moyo wa munthu

Mwina mukuti, munthu akalakwitsa za nyenyezi ndani angavulale? Pa nyenyezi palibe. Koma khalidwe lomweli likalowa pa zaumoyo, maliro amachitika. Peter Duesberg anali katswiri wolemekezeka wa mavairasi ku yunivesite ya California ku Berkeley, koma anayamba kuphunzitsa kuti HIV siyambitsa Edzi. Mu 2000, pulezidenti Thabo Mbeki wa South Africa anamuika m'gulu lomulangiza pa za matendawa, ndipo boma linachedwa kugawa ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti anthu opitirira 330,000 anafa chifukwa cha kuchedwako. Kuno kwathu ma ARV aulere anayamba kugawidwa mu 2004, ndipo ambiri a ife tili ndi abale amene ali moyo lero chifukwa cha mankhwalawo.

Choncho kavidiyo ka pulofesa kakakufikirani, dzifunseni zinthu izi musanakatumize kwa ena. Kodi munthuyu akulankhula za phunziro lake, kapena wadumphira m'munda mwa eni? Kodi akunena chinthu choti ena angathe kuchiyeza? Kodi anayezapo ena, ndipo anapeza chiyani? Chachikulu pa zonse: kodi pali umboni umene ungamusinthitse maganizo? Munthu akati palibe, ndipo onse omutsutsa anachita kugulidwa, dziwani kuti wasiya sayansi ngakhale atavala gauni la yunivesite.

A Hoyle a 1953 ndi a Hoyle a 1993 anali munthu mmodzi, ubongo womwewo. Mu 1953 anapempha anzawo kuti ayeze ndipo anali okonzeka kumva yankho. Pofika 1993 yankho anali atalisankha kale. Kaboni wa m'thupi mwanu timamumvetsa chifukwa cha a Hoyle oyambawo, ndipo pa chimenecho tiziwathokoza.

Yesani nokha

Pezani chibaluni, muchipope pang'ono, mulembepo timadontho tinayi pa mzere umodzi, totalikirana sentimita imodzi imodzi. Chipopeni kwambiri, kenako yezani ndi ulusi ndi rula mtunda wochokera pa kadontho koyamba kufika pa kena kalikonse. Ndi kadontho kati kamene kasuntha kwambiri? Bwerezani kuyeza kuchokera pa kadontho kachitatu. Mwapeza chiyani pa nkhani ya "pakati"?

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa Big Bang ndi Steady State.
2. N'chifukwa chiyani kuyang'ana kutali m'thambo kuli ngati kuyang'ana kale? Zimenezi zinathandiza bwanji kuyesa Steady State?
3. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Gwiritsani ntchito liwiro la kuwala kupeza masekondi amene kuwala kwake kumatenga kuti kufike kuno.
4. Penzias ndi Wilson anayamba akolopa zitosi za nkhunda asanalengeze chilichonse. Zimenezi zikukuphunzitsani chiyani pa ntchito ya mu labotale?
5. Kumbukirani uthenga umodzi wa zasayansi kapena zaumoyo umene munalandira pa foni posachedwapa. Uyeseni ndi mafunso anayi aja, mubweretse zomwe mwapeza ku kalabu ya sayansi.